Momwe mungayambitsire gulu lothandiza ana a kwanu kulowa koleji ndi kumveka pa zachitukuko

Zotsatira za MSCE zikatuluka, kumudzi kumamveka nthungululu kwa sabata imodzi, kenako zii. Pakapita miyezi ingapo, mwana uja anakhoza bwino pa CDSS ya kwanu mumamupeza akupalasa kabaza kapena akugulitsa zitumbuwa pasiteji. Mukamufunsa za koleji amangoti, "Sindinasankhidwe." Mukafunsitsa mumapeza kuti sanalembe n'komwe fomu. Anamva mochedwa, kapena analibe chiphaso, kapena analemba ndithu koma anasankha maphunziro omwe mapointi ake sakanawafikira.

Ine ndinataya chaka chathunthu mwanjira yomweyi. Chaka chotsatira ndinalowa chifukwa mphunzitsi wina anakhala nane pansi masana amodzi okha, n'kundiwerengera chilengezo mzere ndi mzere. Masana amodzi amenewo ndi omwe ana ambiri akumidzi akusowa.

Malangizowa ndi a inu amene munafikako ku koleji, kapena mukadali komweko, ndipo mukufuna kubwerera kukatsegulira ang'ono anu njira. Ndaikamonso za misonkhano ya chitukuko, chifukwa nkhani za mabasale, midadada ya sukulu ndi malo ogona atsikana zimagamulidwa pamabwalo pomwe achinyamata sakhalapo.

ZOFUNIKA KUKHALA NAZO MUSANAYAMBE

- Anzanu awiri kapena atatu odalirika, mmodzi mwa iwo akhale wamkazi. Osayamba nokha.
- Kope lalikulu la chikuto cholimba, lolembamo mayina ndi zonse za mwana aliyense.
- Foni imodzi yotha kulowa pa intaneti ndi kujambula zikalata mooneka bwino, komanso malo odalirika otchajira.
- Ndalama pang'ono ya bandulo, fotokope ndi yoyendera kupita kuboma.
- Maenvulopu a khaki, mwana aliyense yake.
- Chilengezo cha chaka chimenecho cha kufunsira malo ku yunivesite, chochokera ku NCHE (bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba), chopulinta papepala. Cha chaka chatha chingakuthandizeni pokonzekera, koma osalembera pamenepo.
- Kalendala yopachika pakhoma, yolembapo masiku otsekera.
- Chipinda chokumaniramo: kalasi, tchalitchi, mzikiti kapena TDC (malo okumaniramo aphunzitsi a m'dera), bola pakhale poonekera kwa aliyense.

Kompyuta ikapezeka ndi bwino, koma isakuchedwetseni. Zambiri zimatheka pafoni.

GAWO LOYAMBA: KUKONZA BWALO

1. Yambani ndi kuwerenga ana, dzina la gulu lidzabwera pambuyo

Ambiri amayamba ndi kupeka dzina lokoma, kusindikiza malaya ndi kutsegula tsamba pa Facebook. Siyani kaye zimenezo. Pitani kwa ahedi a sekondale yomwe ili pafupi nanu, mukadzifotokoze kuti ndinu mwana wa yani, munaphunzira kuti, ndipo mukufuna kuthandiza chiyani. Pemphani kuti akulumikizeni ndi ana a Fomu 4 a chaka chino komanso omwe analemba zaka ziwiri zapitazo koma akadali pakhomo.

M'kope muja mwana aliyense akhale ndi tsamba lake: dzina monga lilili pa zikalata za MANEB, mudzi, womusamalira, nambala ya foni yomwe angapezekepo, chaka chomwe analemba, ndi zomwe anapeza pa phunziro lililonse. Osangolemba kuti "mapointi 20." Lembani Chingerezi zingati, Masamu zingati, Biology zingati. Kutsogoloku muona chifukwa chake.

Chenjezo: kopelo lili ndi zinsinsi za ana a eni. Osalijambula n'kuliponya pa gulu la WhatsApp, ndipo lisamagone kwa aliyense.

2. Kaonekereni kwa amfumu ndi makolo

Mlendo salowa m'mudzi mosadzera kwa eni ake, ndipo ngakhale muli mwana wa pomwepo, ntchito yomwe mwabwera nayo ndi yachilendo. Pitani kwa anyakwawa, ngati n'kotheka limodzi ndi munthu wamkulu amene amakudziwani. Nenani mwachidule: "Gogo, tabwera kudzapempha chilolezo. Tikufuna tizikumana ndi ana omwe anamaliza Fomu 4, tiziwathandiza kulemba mafomu a koleji. Sitilipiritsa, ndipo sitinabwere ndi ndalama zogawa." Mawu omalizawo anenedwe momveka, pamaso pa anthu. Mukawameza, mawa lake mudzi wonse udzamva kuti kwabwera bungwe la mabasale, ndipo tsiku lomwe adzazindikire kuti mulibe kanthu adzati munadya.

Kumananinso ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi komanso amayi a Mother Group. Amayiwa amadziwa mtsikana amene wayamba kufunsiridwa, amene ali ndi mwana wakhanda, amene makolo ake anena kale kuti sukulu yakwana. Mtsikana wobereka sanathere pomwepo. Ngati setifiketi ali nayo, khomo la koleji ndi lotseguka kwa iye monga kwa wina aliyense.

GAWO LACHIWIRI: ZIKALATA NDI MAFOMU

3. Konzani zikalata nthawi ikadalipo

Apa ndi pomwe ana ambiri amagwera, ndipo amagwa chilengezo chisanatuluke n'komwe. Mu envulopu ya mwana aliyense muzikhala izi: fotokope ya setifiketi ya MSCE kapena kalata ya zotsatira, fotokope ya chiphaso cha unzika, zithunzi zazing'ono za nkhope, ndipo ngati ndi wamasiye, umboni wa imfa ya makolo.

Chiphaso cha unzika chimaperekedwa ndi NRB, nthambi ya boma yoona za kalembera wa nzika, kwa aliyense amene wakwanitsa zaka 16. Sichituluka tsiku lomwelo, choncho limbikitsani ana kuti akalembetse akadali Fomu 3. Wodikira mpaka zotsatira zitatuluka amakhala akuthamangitsana ndi tsiku lotsekera.

Tsopano yalani zikalatazo patebulo n'kuzifananiza chilembo ndi chilembo. Kumidzi kwathu kuno mwana amatha kulembetsa kusukulu ndi dzina la agogo omulera, pa chiphaso n'kulemba la bambo ake. Wina pa setifiketi dzina lili ndi "l," pa chiphaso lili ndi "r." Wina chaka chobadwa chasiyana. Zoterezi zimaoneka zazing'ono koma zimabweza munthu pakhomo la ofesi, makamaka pofunsira ngongole. Mukazipeza, mwanayo apite msanga kuboma akafunse njira yokonzera. Nthawi zambiri pamafunika kalata yolumbira pamaso pa majisitireti kapena loya yotsimikiza kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi.

Mutseguliraninso mwana aliyense imelo yakeyake. Dzina la imelo likhale dzina lake lenileni, osati la pabwalo la mpira. Nambala yachinsinsi ailembe pakapepala n'kuisunga mu envulopu. Nambala ya foni yolemba pa fomu ikhale yomwe idzakhalepobe chaka chamawa, ngakhale ikhale ya amalume kapena ya mayi ake.

Chenjezo: setifiketi yeniyeni isachoke m'manja mwa mwini wake. Inu sungani mafotokope okha. Ikasowera kwa inu, mlandu wake simungauthe.

4. Khalani pansi ndi mwana aliyense posankha maphunziro

Ngati pali malo oyenera kuchedwerapo, ndi ano.

Mayunivesite a boma alipo 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS yomwe ili ndi nthambi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, LUANAR ku Bunda ndi ku NRC, MZUNI ku Mzuzu, ndi MUST ku Ndata m'boma la Thyolo. Makolo ambiri akadali kunena kuti Chanco, Poly ndi College of Medicine, ndipo sakulakwa, kungoti kuyambira 2021 sukulu zimenezi zinaima pazokha ndi mayina atsopano. Afotokozereni kuti mwana akasankhidwa ku MUBAS ndiye ku Poly komwe kuja. Kufunsira malo kwa omaliza Fomu 4 kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba.

Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndiye kulephera. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6, Chingerezi chikhale pomwepo. Mwana wa mapointi okongola koma Chingerezi 7 sangadutse. Muuzeni zoona tsiku loyamba kuti aganize zobwereza phunzirolo, kusiyana n'kumulipiritsa fomu yopanda tsogolo.

Kukwanitsa makirediti 6 kumangokulowetsa pamzere. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo pulogalamu iliyonse imayang'ana maphunziro akeake. Za udokotala zimayang'ana kwambiri Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Za uinjiniya zimalimba pa Masamu ndi Physics. N'chifukwa chake ndinati mulembe phunziro lililonse padera. Ana awiri onse a mapointi 18 akhoza kukhala ndi mwayi wosiyana kutalitali: wina anakhoza bwino Chichewa, Bible Knowledge ndi Social Studies, mnzake anakhoza Masamu ndi sayansi.

Mufunseni kaye mwana chomwe akufuna, ndipo mumvetsere osamudula. Kenako tsegulani chilengezo muwerengere limodzi zofunika pa pulogalamuyo. Ngati sakukwanitsa ngakhale chimodzi, pulogalamuyo ichoke pamndandanda, ngakhale aikonde bwanji. Pa zotsalazo, ikani patsogolo yomwe mtima wake uli, koma m'munsimo muikemo zina zomwe anthu sazithamangira kwambiri. Ana akumudzi amadziwa ntchito zinayi zokha: udokotala, unamwino, uloya ndi uphunzitsi, chifukwa ndi zomwe anazionapo ndi maso. Ambiri sanamvepo za maphunziro a ulimi wothirira, za nsomba, za nkhalango, za kuyeza malo, za migodi, za kasamalidwe ka zakudya. Awerengereni mayina a mapulogalamu onse, muwafotokozere kuti womaliza amagwira ntchito yanji. Ngati pali wa m'dera lanu amene akuphunzira zimenezo, muimbireni foni, muike pa sipika, ana amve okha kuchokera kwa iye.

Chimandipweteka kwambiri ndi kuona mwana akudzaza malo onse a fomu ndi mapulogalamu omwe dziko lonse likulimbirana. Amakhala ngati waponya mbedza zake zonse padziwe limodzi lodzaza asodzi.

Chenjezo: musamusankhire. Mukamukakamiza pulogalamu, akadzalephera chaka choyamba adzati ndinu, ndipo adzakhala akunena zoona. Ntchito yanu ndi kumuunikira, cholembera chikhale m'manja mwake.

5. Konzani tsiku lolembera pamodzi

Chilengezo chikangotuluka pa wailesi, m'nyuzipepala kapena pa tsamba la NCHE, lembani tsiku lotsekera pakalendala, kenako bwererani m'mbuyo masabata awiri. Limenelo ndilo tsiku lanu lotsekera. Sabata yomaliza makina amalemedwa ndi anthu, netiweki imavuta, magetsi amazima, ndipo kubanki kumakhala mzere wofika panja.

Mwana ayambe walemba zonse papepala, wina aziwerenge mokweza, ndiye mulowetse pa intaneti. Ndalama yofunsira malo ilipiridwe m'njira yokhayo yomwe chilengezo chatchula, ndipo risiti ijambulidwe ndi kusungidwa. Fomu ikatumizidwa, jambulani uthenga wotsimikiza n'kulemba m'kope kuti yapita.

Chenjezo: nyengo imeneyi kumatuluka akathyali. Amaimba foni kapena kulemba pa WhatsApp kuti ali ndi wachibale wa m'kati, mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba dzina lituluke. Uzani makolo pamsonkhano, mobwerezabwereza, kuti malo a ku yunivesite ya boma sagulidwa pafoni. Ndinaonapo banja litagulitsa mbuzi ziwiri chifukwa cha bodza lotere.

6. Tsegulani makomo ena

Ambiri mwa ana a m'kope lanu sadzasankhidwa ku mayunivesite 6 aja. Mukapanda kukonzekera zimenezi, gulu lanu lidzasanduka la ana atatu anzeru kwambiri, ena onse n'kugwa ulesi.

Alipo makoleji a ntchito zamanja omwe amalembera kudzera ku TEVETA, monga Lilongwe, Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, kuwonjezapo makoleji a m'madera omwe anayamba kutsegulidwa mu 2015. Kumeneko kuli zamagetsi, zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera, kukonza magalimoto, kusoka. Alipo ma TTC ophunzitsa aphunzitsi a pulayimale, monga a ku Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga ndi Blantyre, komanso Domasi ndi Nalikule a uphunzitsi wa sekondale. Kwa okonda zachipatala kuli Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo) monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission ndi St Luke's ku Malosa. Ambiri mwa awa amalengeza nthawi yawoyawo, ndiye mmodzi mwa inu akhale ndi udindo womvera wailesi ndi kuona nyuzipepala sabata iliyonse.

Za mayunivesite omwe si aboma, banja lisanalipire tambala, onani pa mndandanda wa NCHE ngati sukuluyo ndi yovomerezeka. Onaninso pulogalamu yeniyeniyo, chifukwa sukulu ikhoza kuvomerezedwa koma pulogalamu ina ya pomwepo ayi.

GAWO LACHITATU: DZINA LATULUKA, NDALAMA ZILI KUTI?

7. Osavina nthawi yaitali

Kusankhidwa ndi theka la ulendo. Alipo ana omwe mayina awo anawerengedwa koma sanaponde pasukulupo chifukwa chosowa ndalama ya basi.

Ngongole ya boma ya ophunzira osowa imaperekedwa ndi bungwe la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015. Si onse ofunsira amene amapatsidwa, ndipo amayang'ana umboni wa kuvutika kwa banja. Werengani chilengezo chawo mofatsa monga munachitira ndi cha NCHE, muone makalata ndi zidindo zomwe akufuna, muyambe kuzitolera tsiku lomwelo, popeza ena mwa osayina sapezeka tsiku lililonse. Mwana alembe zoona zokhazokha. Asaphe makolo ake papepala pamene ali moyo. Ndipo amvetse kuti iyi ndi ngongole: akadzamaliza ayenera kubweza kuti ang'ono ake nawonso adzapeze pokongola.

Ngongole imatha kuchedwa sukulu itatsegulidwa kale. Choncho khalani pansi ndi banja muwerengere za mwezi woyamba: ulendo, chakudya, malo ogona ngati sanapeze chipinda cha pasukulu, bulangeti, ndowa, sopo, makope. Chiwerengerocho chilembedwe papepala. Mukapita nacho kwa amalume, kumpingo, kumzikiti, ku banki mkhonde ya mayi ake kapena kwa ana a m'mudzimo omwe ali kutauni ndi ku Joni, anthu amapereka msanga akaona chinthu chenicheni ndi mtengo wake kusiyana n'kungomva kuti "tithandizeni." Funsaninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma, ndipo kwa atsikana fufuzani ngati mabungwe monga CAMFED akugwira ntchito m'boma lanu.

Pomaliza, mupezereni womulandira. Mwana amene sanatulukepo m'boma lake, kukatsika basi pa Wenela ku Blantyre usiku ndi chikwama pamutu, amafunika nambala ya munthu amene adzamudikirire.

Chenjezo: ndalama za mwana zisadutse mu foni yanu. Wopereka atumize kusukulu kapena kwa kholo. Ngati gulu latolera kanthu, msungichuma alembe, anthu awiri asayine, ndipo ziwerengedwe pagulu.

GAWO LACHINAYI: KULOWA PABWALO LA CHITUKUKO

8. Lembetsani gulu

Tsopano mwagwira ntchito yooneka, nthawi ya dzina yakwana. Lembani malamulo a gulu a masamba awiri kapena atatu, sankhani wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo mupite kwa mkulu woona za achinyamata kukhonsolo ya boma lanu. Iyeyo ndi amene angakulowetseni m'kaundula wa magulu a achinyamata ndi kukuuzani njira yolembetsera ku National Youth Council of Malawi. Kalata yochokera kumeneko imatsegula makomo omwe nkhope yanu yokha singatsegule.

9. Pezani mpando pa VDC ndi ADC

Zofuna za mudzi zimayambira ku VDC, komiti ya chitukuko ya dera la agulupu, n'kukwera ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, n'kukafika kukhonsolo komwe kuli makhansala. Ngati nkhani ya labotale ya pa CDSS sinatchulidwe pansi pano, musadabwe ikasowa m'mapulani a boma lonse. Ndipo taganizani: ana anu akulephera kulowa mapulogalamu a sayansi chifukwa anaphunzira Chemistry pabolodi pokha, osagwirako botolo ngakhale limodzi. Kulemba mafomu mwaluso sikungachize zimenezo. Mankhwala ake ali pa misonkhano imeneyi.

Funsani wapampando wa VDC tsiku lomwe amakumana ndiponso amene akuimira achinyamata. Mukapeza kuti mpandowo ulibe munthu, kapena wakhalapo ndi bambo wa zidzukulu, pemphani mwaulemu kuti achinyamata asankhe wawo. Ndondomeko ya dziko lino imati wachinyamata ndi wa zaka 10 mpaka 35.

Misonkhano iwiri yoyamba ingomverani. Muone amene amayankhula, amene mawu ake amamveka, ndi momwe nkhani zimatsekedwera. Wachitatu pemphani mpata, ndipo mubwere ndi nkhani imodzi yokha. Apa ndi pomwe kope lija limakhala chida. M'malo monena kuti "maphunziro alowa pansi," imirirani munene kuti, "A wapampando, mafumu ndi makolo athu, pa ana omwe analemba chaka chatha, akuti anakhoza, akuti anali ndi makirediti 6, ndipo atsikana akuti anasiyira panjira chifukwa cha mtunda." Tchulani ziwerengero zenizeni za m'kope, osatchula mayina a ana. Kenako nenani chomwe mukupempha, ndipo muonetsetse kuti mlembi wachilemba. Msonkhano wotsatira funsani pomwe chafika. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene akumva kuwawa kwa sukulu yopanda zipangizo ndi inuyo.

Za ndalama za chitukuko cha dera la phungu, zomwe anthu amangoti CDF, ndi za mabasale a kukhonsolo, muli ndi ufulu wofunsa. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Lembani kalata yaulemu yofunsa kuti chaka chino ana angati a m'dera lanu athandizidwa ndiponso anasankhidwa motani. Lembani makalata awiri ofanana, imodzi aidinde ikhale yanu. Kalata yodindidwa imalemera kuposa kukalipa pa Facebook.

Chenjezo: musalowe pamsonkhano ndi mtima woti akuluakulu onse ndi akuba. Mukamuchititsa manyazi munthu wamkulu pagulu, ngakhale mukunena zoona, khomo limatsekeka ndipo ovutika ndi ana aja. Funso lolimba lifunsidwe ndi mawu ofewa, koma lifunsidwe ndithu.

10. Chiphaso chomwecho chikhale cha kuvota

Ana omwe munawathandiza kupeza chiphaso cha unzika ambiri akwanitsa zaka 18. Akumbutseni kuti chiphasocho ndi chomwe amalembetsera ku MEC, bungwe loyendetsa zisankho. Chisankho chachikulu chapitachi chinali pa 16 Sepitembala 2025, koma zisankho zachibwereza za khansala kapena phungu zimagwa nthawi ina iliyonse. Itanani a NICE a m'boma lanu, omwe amaphunzitsa anthu za demokalase ndi zisankho, adzafotokoze kusiyana kwa ntchito ya khansala ndi ya phungu, pakuti ambiri amasakaniza. Nthawi ya kampeni, ngati mukonza bwalo loti opikisana adzayankhe za maphunziro, itanani onse, apatseni mphindi zofanana ndi mafunso ofanana.

11. Phunzitsani wolowa m'malo mwanu

Inu mudzapeza ntchito kutali, kapena mudzakwatira kwina. Mwana aliyense amene wathandizidwa alonjeze kuti pa holide yoyamba adzabwera kudzakhala ndi a Fomu 4 masana amodzi. Kope lisiyidwe kwa mlembi watsopano pamaso pa ahedi.

ZOLAKWIKA ZOMWE ZIMAGWETSA MAGULU AMBIRI

Kuvala mtundu wa chipani. Ichi ndiye chimapha msanga. Wandale akaona achinyamata osonkhana amabwera ndi mpira, malaya ndi kenakake ka m'thumba. Mukalandira, theka la makolo lichotsa ana awo, ndipo chisankho chikapita mbali ina makomo onse atsekeka. Aliyense ali ndi ufulu wokonda chipani chake, koma asabwere nacho pa tsiku la gulu. Wofuna kuthandiza apereke poyera, kudzera kusukulu, popanda nyimbo.

Kulonjeza. Musanene kuti "usadandaule, ulowa basi." Simuli inu osankha. Lonjezani chomwe chili m'manja mwanu: kuti fomu ipita yolondola ndi pa nthawi yake.

Kukumana ndi mtsikana muli awiri. Kaya cholinga chanu n'choyera bwanji, osaitanira mwana wa eni kunyumba kwanu kapena kumuchedwetsa mpaka mdima. Pakhale mnzanu wamkazi kapena mayi wa Mother Group nthawi zonse. Ndipo mukamva kuti wina m'gulu mwanu akufunsira ana omwe akuwathandiza, achoke tsiku lomwelo, nkhaniyo ikafike kwa ahedi ndi kwa oona za chitetezo cha ana, ngakhale akhale mnzanu wa pamtima.

Kudikira zotsatira. Gulu lomwe limadzuka MANEB ikalengeza limakhala lachedwa kale. Ntchito yeniyeni imayamba ndi a Fomu 2 pamene akusankha maphunziro opitiriza nawo. Mwana amasiya Physics chifukwa anzake akuti ndi yovuta, osadziwa kuti watseka yekha khomo la uinjiniya lomwe amalota.

Kuiwala amene sanasankhidwe. Mndandanda ukatuluka aliyense amathamangira kunyumba kwa wopambana. Inu yambirani kwa amene dzina lake palibe. Sabata imeneyo ndi yomwe ena amavomera banja lomwe sankalifuna, ena amanyamuka ulendo wa ku Joni opanda mapepala. Pitani ndi envulopu yake, mutsegule tsamba lake m'kope, muonere limodzi chilengezo cha TEVETA kapena cha TTC chomwe chikubwera, kapena muwerengere phunziro limodzi kapena awiri omwe angabwereze kuti chaka chamawa ayesenso.

Kujambula umphawi wa ana pofuna thandizo. Chithunzi cha mwana atavala zong'ambika, dzina lake ndi mbiri ya imfa ya makolo ake zikalowa pa intaneti sizifufutika, ndipo anzake a ku koleji adzaziona. Ngati pakufunikadi kupempha pagulu, mwini wake ndi womusamalira avomere kaye, awerenge zomwe mwalemba, ndipo achotse chilichonse chomwe sakufuna kuti chidziwike.